Ndodo Yanga ya Beni

Ndikukumbukira fumbi la pabwalo la sukulu yathu ku Makanjira, chaka chimene tinkakonzekera kuvinira nduna ya boma. Ndinali mu Sitandade 5. Poliyo anandifooketsa mwendo wakumanzere ndili wamng'ono, choncho ndinkayendera ndodo yansungwi. Anzanga akamavina beni, ntchito yanga inali kulondera malaya awo patsinde pa mtengo wa mango.

Tsiku lina a Saidi, mphunzitsi wathu wa magule, anandipeza ndikugogoda pansi ndi ndodoyo motsatira ng'oma. "Iwe Yusufu, mkulu wa asilikali pa beni amagwira ndodo. Iwe uli nayo kale, bwera kutsogolo." Anasintha mapondedwe onse kuti agwirizane ndi ine: phazi, phazi, kenako ndodo pansi, gu! Anyamata amiyendo yabwinobwino anayamba kutsimphina mwadala, ndipo zinkakoma. Ndodo ija anaipaka utoto wotsala pa boti, wofiira ndi woyera. Mayi anandisokera zitsekerero za mabotolo pamalaya kuti zikhale mamendulo. Ndinkayenda monyada ngati boma ndi langa.

Tsiku la nduna, dzuwa likuswa mtengo, wapampando wa chipani anabwera kudzayendera mizere yathu. Maso ake anaima pamwendo wanga.

"Aphunzitsi, msilikali wolumala munamuonapo? Mukufuna nduna ikanene kuti kuno kulibe chitukuko?"

"Koma bwana, guleyu..." anayamba a Saidi. Ataona anyamata a chipani a malaya ofiira kumbuyo kwa wapampando, anameza mawu. Masiku amenewo kutsutsa kunkasowetsa munthu.

Anyamata a chipaniwo anandivula malaya anga a mamendulo aja n'kuveka mnyamata wina. Kenako wapampando anati ndodo yokongolayo ipitenso, ndi ya gule. Palibe anakumbukira kuti inalinso mwendo wanga. Anandinyamula ngati thumba la usipa n'kukandikhazika kuseri kwa zimbudzi. Ndili komweko ndinkamva anzanga akutsimphinira nduna, anthu akuwomba m'manja. Ndodo sinabwerere. Ndinakwawa mpaka kwathu, mchenga ukundiwotcha m'manja.

Lero zinthu zinasintha. Ku Mangochi ndaona ana osamva ndi ena apanjinga za olumala akuphunzitsidwa beni, ndipo amaikidwa kutsogolo. Ndimakondwera nawo, koma ndisaname, mtima umandiwawabe. Mwezi watha mphunzitsi wawo anandipempha kuti ndiwaonetse mapondedwe akale. Ndinati mwendo ukundipweteka. Mwendowu sunandipwetekepo, ndinangoopa kuima kutsogolo kwa anthu.