Mabuku a Makatoni a Estere

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamphasa pafupi ndi bokosi la mng'ono wanga Estere. Amayi oimba anali atasasa mawu. Kunja kunali chifunga chotsika kuphiri, ophika akulimbana ndi nkhuni zonyowa.

Estere ankagwira ntchito pa laibulale yaing'ono ya pamsika wathu kuno ku Nkhulambe, kumbali ya ana. Zaka zonsezo ankapempha zinthu ziwiri zokha: kuti amutumize kumaphunziro a momwe angathandizire ana kuwerenga, ndi kuti amupatse mabuku a chinenero chimene anawo amamva. Maphunziro akapezeka, opita anali mabwana a m'tauni. Mabuku akabwera, anali a Chingerezi chokhachokha, ena masamba atathothoka kale. Atatopa anayamba kudula makatoni a sopo, kusoka ndi ulusi wa matumba a nandolo, n'kulembamo nkhani m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Atadwala anabwera nawo kunyumba poopa chiswe.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo, njinga zitatsamira mitengo ya mango. Ana asukulu anabwera ambirimbiri, n'kukhala pansi chakumapeto. Kenako inafika galimoto yoyera yodzera ku Migowi, n'kutsikamo bwana wa ku ofesi ya malaibulale ndi nkhata yaikulu kuposa zonse.

Atapatsidwa mpata wolankhula anati, "Malemuwa tinawasula ndife. Taluza munthu wophunzitsidwa bwino."

Ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe. Munthu amene sanayankhepo kalata ya Estere ngakhale imodzi, lero akunama pamaso pa mtembo! Mtima wanga unapsa, ndipo mpaka pano sunazizire.

Atatha anakokera amalume pambali, ine ndikumva. Ankafuna katoni ya mabuku osoka a Estere aja kuti akaonetse kumsonkhano ku Blantyre ngati zipatso za maphunziro awo. Kukolola posalima kumeneko.

"Bwana, katundu wa malemu satuluka m'nyumba tisanamete," anatero amalume.

"Palibe vuto, dalaivala adzatenga Lolemba."

Amalume anangogwedeza mutu. Munthu wovala tayi sadziwa kumukaniza. Ndinadziwa kuti mabukuwo akakwera galimoto imeneyo, ana athu sadzawaonanso.

Bokosi litanyamulidwa, mvula yowaza itayamba, ndinalowa m'nyumba n'kusenza katoni ija. Ndinaima pambali pa njira ya kumanda, mwana aliyense wodutsa ndikumupatsa buku limodzi.

"Bisa m'malaya lisanyowe. Ukatha ubwereke mnzako, osapatsa wa galimoto."

Amayi ena anagwira pakamwa, ena akunong'ona kuti ndaswa mwambo. Inde ndinauswa, ndipo ndikudziwa. Koma Estere sanasoke mabukuwo kuti akhale katundu wogawana pakumeta, kapena wojambulitsa nawo zithunzi. Pamene ndinafika kumanda, katoni inali yopepuka, dothi atayamba kale kuthira. Bwana uja anaika nkhata yake akundiyang'ana, nanenso ndinamuyang'ana mpaka anaweramitsa mutu.

Madzulo nyumba inali zii. Mphasa zinali zitapindidwa, amalume atakhala pakhonde osandilankhula. Kuseri kwa mpanda, kwa aneba, ndinamva mwana akuwerenga mokweza, akudula mawu pang'onopang'ono, kukakamira, n'kuyambiranso. Ndinalira kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

Katoni yopanda kanthu ndaiika pakhomo. Dalaivala abwere Lolemba, adzaitenge.