Kalipenga ka pamkono

Fungo la mtovu wosungunuka likandipeza, ngakhale pakati pa msika wa ku Limbe, ndimaona a Likhutcha atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Likoswe, mbaula ikufuka, ndowa zobooka za mudzi wonse zitawazinga, kanyundo kakulira ngo! ngo! ngo! kuyambira dzuwa likutuluka. Anali okhoma zidebe, mkulu wamtali wouma ngati nsungwi, wovala jombo zopolisha ngakhale popita kudimba. Tonse tinkadziwa kuti anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Bama, koma ukawafunsa za kumeneko ankangoti, "Kunali udzudzu," n'kupitiriza kukhoma. Machesi analibe nawo ntchito. Fodya wawo ankayatsa padzuwa ndi kagalasi kokuza zinthu kamene anabwera nako kunkhondo.

Mayi anga sanawadziwe bambo awo. Agogowo anali mkamwini wochokera cha ku Mulanje. Anakhala pamudzi pathu dzinja limodzi, analembedwa usilikali mayi ali m'mimba, ndipo sanabwerenso. Agogo aakazi nawo anamwalira mayi akukwawa. Kwathu mkamwini ndi mlendo; akachoka, mudzi umasunga ana ake, nkhope yake n'kuiwalika. Chimene chinatsala chinali chithunzi chimodzi chimene anatumiza kuchokera kunkhondo, ndi mawu a mng'ono wawo wa agogo aakazi, amene anawalera mayi anga: "Bambo ako ankalemba kuti ntchito yawo ndi kudzutsa anzawo ndi lipenga."

Vuto linali lakuti pachithunzipo panali asilikali awiri. Wina atakhala pampando, wachifuwa chotambalala, ndevu zapamlomo, mizere itatu pamkono. Wina ataima kumbuyo, woonda, makutu otuluka ngati zogwirira poto. Malume anga a Bonifasi, mlongo wawo wa mayi koma wa bambo ena, anali ndi zaka zisanu pamene agogo ankachoka, koma ankalankhula ngati anawaperekeza okha.

"Ndi sajeniyo! Mayi athu akanakwatiwa ndi bango limenelo?"

Mayi anakhulupirira. Chithunzicho chinkakhala m'buku lawo la mapemphero, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri ankapempherera mzimu wa bambo awo maso ali pa sajeni.

Chaka china cha m'ma 1970, ine ndili sitandade 5, panabwera wojambula wapanjinga amene ankatenga zithunzi zakale n'kukazikuza ku Limbe. Anati abweranso Loweruka, mayi amusonyeze munthu mmodzi, winayo amudula n'kumutaya. Apo m'pamene mtima wa mayi unayamba kugwedera. Lachisanu anatenga ndowa yosabooka n'komwe, bukulo atalibisa m'nsalu, napita kwa a Likhutcha. Ine ndinawatsatira, malume nawonso kumbuyo kwathu, kuti akaonerere kupambana kwawo.

A Likhutcha anaiunika ndowayo kudzuwa, anaigogoda, naitula pansi.

"Amake Rozina, ndowayi ilibe mlandu. Tulutsani chimene mwabwerera."

Ataona chithunzicho anasamba m'manja ndi sopo, chinthu chimene sindinaonepo akuchita dzuwa lili pamutu. Atatulutsa kagalasi kawo kaja mayi anakuwa, "Mutiwotchera bambo!" Iwo sanaseke. Anasendera pamthunzi, naweramira pachithunzicho nthawi yaitali, nkhunda zikulira pamwamba pathu, mbaula ikuzima yokha.

"Anapita ali ndi zaka zingati?"

"Akuti anali mnyamata, ndevu zisanakhwime," anayankha mayi.

"Ndiye wokhalayu si iwowo ayi. Taonani timaliboni ta pachifuwati. Timeneti ankavala amene anamenyanso nkhondo yoyamba ija, ndipo ife tinkawatcha agogo. Bambo anu nthawi imeneyo anali asanabadwe n'komwe."

"Iyayi, akulu," anadula malume. "Ine ndinawaona ndi maso angawa."

"Iwe Bonifasi, unkayenda wopanda kabudula. Yunifolomu siinama, amanama ndi anthu."

Kenaka anapereka kagalasi kwa mayi, nawalozera pamkono wamanja wa msilikali woonda uja, pamwamba pa chigongono. Pamenepo panali kadontho kamene tonse tinkakayesa litsiro la mphemvu. M'galasimo kanasanduka kalipenga kopindika, ndi tizingwe take, koonekera bwinobwino.

"Aka sikankaperekedwa kwa aliyense," anatero a Likhutcha. "Woliza lipenga ankadzuka msasa wonse uli mtulo. Akachedwa iye, tachedwa tonse. Mnzathu akafa, ndi iyeyo ankamulizira komaliza pamanda. Sajeni amangokalipa."

Atatero anaimirira, anagundanitsa zidendene za jombo zawo, napereka sawatcha kwa munthu wa pachithunzi. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinaona nkhondo pankhope pawo.

Mayi sanalire msanga. Anayang'ana msilikali woondayo, anatembenukira kwa ine, nandigwira khutu. Makutu amenewa anandizunzitsa kusukulu, anzanga akunditcha Poto, ndipo palibe pamudzi amene ankadziwa kumene ndinawatenga. Mayi anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, naika chithunzicho pachifuwa.

"Pepani bambo. Zaka zonsezi munali chiimire pomwepa, ine n'kumakudutsani."

Malume anatola ndowa ija mwakachetechete. Panjira anangoti makutuwo ankawakumbukira ndithu.

Loweruka wojambula atafika ndi lumo lake, mayi anamukaniza kudula. Anati akuze onse awiri, pakuti sajeniyo naye ali ndi ana kwinakwake, ndipo munthu amene wamupempherera zaka zonsezo sungamutaye kudzala.

A Likhutcha anamwalira ndili kusekondale. Jombo anaikidwa nazo, koma kagalasi anasiya mawu kuti kapite kwa mwana wamakutu uja. Ndili nako mpaka lero, ndipo anthu amabwera kwanga ndi zithunzi za makolo awo kuti ndiwawerengere mizere ndi maliboni. Zimene ndikudziwa ndimanena mosaopa, zimene sindikudziwa ndimawauza kuti sindikudziwa. Chithunzi chachikulu chija chili pabalaza panga. Mlendo aliyense amaloza wokhala pampando n'kufunsa ngati ndiye agogo. Ine ndimangovula duku n'kumuonetsa makutu.