Chisoti cha Malata cha a Fanwell Nkhuwa

Mukadafika ku Pembamoyo zaka zimenezo n'kufunsa kwa a Fanwell Nkhuwa, anthu akadangoyang'anana n'kukuuzani kuti mwasochera. Koma mukadati kwa a Zidebe, ngakhale wakhungu akadakuperekezani, pakuti nyundo yawo inkayamba kulira nkhuku zisanatuluke m'khola.

Kwawo kwenikweni kunali ku Zingalume. Ali mnyamata anapita kumigodi ku Luanshya, komwe mkulu wina anawaphunzitsa kudula ndi kupinda malata pa chidutswa cha njanji. Atabwerako mu 1968 anakwatira a Consolata n'kukhala chikamwini ku Pembamoyo. Ankakhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira kudimba, n'kuzimanga panjinga kukagulitsa mpaka ku Zemba. Njingayo ikamatsika chitunda inkamveka ngati mbuzi zalowa m'khitchini.

Dzina la Zidebe sankalikana, ankaseka nalo limodzi ndi olitchulawo. Koma mumtima linkawapweteka. Mkamwini ali ngati khasu lobwereka, amalimira koma safunsa anasula ndani. Zaka khumi ndowa zawo zikutunga madzi m'midzi yonse, panalibe anatchulapo dzina la makolo awo pagulu. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi: kumva dzina lawo lonse likutuluka pa chimkuzamawu pa chionetsero cha zaulimi ku Chadiza. Chaka ndi chaka ankapitako ndi ndowa zawo zosadontha. Nanga ndani amaombera m'manja ndowa? Mayina otchulidwa anali a eni maungu ndi eni nkhunzi.

Mu 1978 kunamveka kuti pa chionetsero padzakhala mpikisano wa luso la manja, ndipo amisiri adzadutsa ndi ntchito zawo pamaso pa alendo ndi akuluakulu a chipani. A Fanwell atamva anasiya ndowa ili theka. Anakumbukira kanema wina amene anaonera kukomboni ku Luanshya, wa anthu otsika kunyenyezi, ovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nkhani ya kanemayo sanaimve, inali ya Chingerezi chothamanga. Iwo maso anali pa mfundo za m'zigongono, mmene zinkapindikira osang'ambika.

"Amake Elinati," anatero kwa akazi awo madzulo ake dzuwa lisanalowe, "chaka chino sinditenga ndowa. Ndidzavala."

"Mudzavala ndowa?"

"Mudzaona."

A Consolata anapukusa mutu, koma m'mawa mwake ndi iwo amene anayamba kuzungulira mudzi kupempha zitini. Malata anali atasowa ngati sopo m'masitolo, choncho chovala chonsecho chinatuluka m'zidebe za palafini, m'zitini za mafuta ophikira ndi m'mbale zobooka. Mayiwo ankazikwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka munthu kudziona mano. Bamboyo ankadziyeza thupi ndi chingwe cha khonje, n'kujambula pa pepala la thumba la simenti, kenako n'kudula lata motsatira pepalalo. M'zigongono ndi m'mawondo analumikiza ndi machubu a njinga. M'kati a Consolata anasokeramo bulangete lakale kuti malata asawadye khungu. Mfuti yake inali pampu ya njinga yomangirira tochi kutsogolo.

Tsiku loyamba kuyesa, machubu a m'mawondo anali olimba kwambiri. Anayenda mapazi atatu n'kugwa chafufumimba pakati pa bwalo, pamaso pa apongozi awo amene ankapeta mtedza. Mayi okalambawo, posunga ulemu, anatembenukira kunkhokwe, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi phwete. A Fanwell anagona pomwepo mpaka akazi awo anabwera kuchokera kuchitsime kudzawadzutsa.

Koma chimene anachikonda kuposa zonse chinali chisoti. Anachikhoma milungu isanu. Chinali chozungulira bwino, chopanda ndi mpata wolowa nyerere, chifukwa dzanja lozolowera ndowa silidziwa kusiya bowo. Tibowo topumira tinali pansi pa chibwano pokha. Pamaso anaikapo galasi limene analidetsa ndi utsi wa nyali, kuti iwo aziona kunja koma wakunja asaone m'kati. Pamwamba panali masipoko awiri a njinga. Chinkamangidwa ndi mabawuti awiri kumbuyo kwa khosi, kumene dzanja lawo lovala malata silinkafika, motero sipanala inkakhala ndi a Consolata.

Kutatsala masiku atatu kunabwera a Eneya, achimwene awo a Consolata, munthu wolemekezeka pa za gule wamkulu m'dera lonselo. Anachizungulira chovalacho kawiri, akugogoda ndi chikhadabo.

"Alamu, luso lilipo, sindikana," anatero a Eneya. "Koma nkhopeyi mwaibisiranji?"

"Anthu a kunyenyezi saonetsa nkhope, alamu."

"Kunyenyeziko ine sindinafikeko. Kuno kwathu chobisa nkhope sichifunsidwa dzina."

A Fanwell anangoseka n'kuitanitsa thobwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akulu, koma khutu la a Fanwell linali litalowa kale m'chisoti.

Tsiku la chionetsero linali la mphepo ya Julaye. Chovalacho chinayenda pa ngolo, chofunditsidwa masaka. Pofuna kuti anthu adzadzidzimuke, a Fanwell sanavalire kumene ankavalira anzawo. Anakavalira kuseri kwa makola a mbuzi, m'kathengo ka mitengo. A Consolata atamanga mabawuti anazungulira n'kukakhala pakati pa amayi anzawo a ku tchalitchi.

Anadutsa woluka mphasa, anadutsa wosema mitondo, aliyense dzina lake likumveka mpaka kumsewu. Kenako m'thengo muja munatuluka chinthu chonyezimira, chopanda nkhope, chikuyenda pang'onopang'ono, tswee, tswee.

Gulu linang'ambika pakati. Amayi anakokera ana kumbuyo, ogulitsa zitumbuwa ananyamula malichero awo. Ndiye wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja motsatira kayendedwe kake, ena n'kulandira, ndipo posachedwa bwalo lonse linali kuomba. Ena anaponya tindalama ta tingwee pansi patsogolo pake, osati m'manja. Chisangalalo chinali chachikulu, ndipo m'kati mwa malata a Fanwell mtima unadzaza. Anakweza mfuti yawo n'kuyatsa tochi, masanasana.

Kunena zoona, panalibe wa ku Pembamoyo amene sanazindikire mayendedwewo, opendekera kumanja, a munthu wokalambira pa kukankha njinga yolemedwa. Koma palibe anatchula dzina lawo.

Woulutsa mawu anali a Bonaventure, aphunzitsi a ku Zemba, munthu wa tayi ndi Chingerezi chambiri, komatu wokulira kumudzi ngati wina aliyense. Pepala la mayina linali m'manja mwawo. Anayang'ana pepala, anayang'ana chinthucho, anatsokomola.

"Olemekezeka nonse," anatero, "chimene mukuchionachi... chachokera kumene chachokera. Tiyeni tichiombere m'manja."

Oweruza atatu anagwirizana osatsutsana kuti ntchito yoposa iyi panalibe. Mlembi anatenga khadi lofiira la woyamba, koma pa mzere wa dzina cholembera chake chinaima, ndipo anasiya popanda kanthu.

A Fanwell anaona zonsezi kudzera pa galasi lawo lakuda. Anafuula, "Ndine Fanwell Nkhuwa!" Koma chisoti chinagwira mawuwo monga ndowa yabwino imagwirira madzi. Kunja kunangomveka kulira kwa bvuu, ndipo anthu anasuntha chambuyo mapazi ena awiri. Apa ndi pamene mawu a alamu awo anawafika pamtima. Miyezi itatu ya thukuta, bwalo lonse likuwaombera m'manja, koma dzina lawo linali lotsekeredwa m'lata limene anakhoma okha. Anachita mantha enieni kuti abwerera ku Pembamoyo monga anabwerera zaka zonse.

Anayesa kufikira mabawuti, dzanja linathera paphewa. Ndiye anatembenuka n'kulunjika kumene kunakhala amayi a ku tchalitchi. Amayiwo anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi, kutsala a Consolata okha pa mphasa. Chinthu cha kunyenyezi chinapinda mawondo, machubu akulira, n'kugwada patsogolo pawo, n'kuweramitsa mutu.

A Consolata anagwira mfundo ya chitenje mmene munali sipanala, koma sanaimasule. Chinthucho anachikwecha okha ndi phulusa, komabe maso onse a ku Chadiza anali pa iwo, ndipo mkazi sayandikira chotere pagulu. Anafunafuna nkhope ya achimwene awo m'khamumo.

A Eneya anali ataima pafupi ndi ng'ombe, manja kumbuyo. Anayankhula mokweza kuti onse amve, nkhope ili gwa, koma maso akuseka.

"Alongo, masulani. Amenewo ndi malata chabe. Muli alamu anga mmenemo, akupsa."

Bawuti loyamba linamasuka, lachiwiri linavutako. Chisoti chitachoka panatuluka dazi lonyowa likufuka nthunzi mumphepo ya Julaye, ndi ulusi wa bulangete utakakamira pa ndevu. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Amayi aja amene anathawa ndiwo anayamba nthungululu, akubwerera mothamanga kudzagwira malata ndi manja awo. Mkulu wina wa chipani anaseka mpaka kuvula magalasi. A Consolata anapukuta amuna awo kumaso ndi nsonga ya chitenje, akuwakalipira pansipansi kuti safunsa anadya phula.

Mlembi anadzaza mzere uja mofulumira. A Bonaventure, amene tsopano anali atapeza mawu awo, analengeza wopambana pakati pa phokosolo, ndipo a Fanwell anayenda tswee, tswee kukalandira khadi, chisoti chili m'khwapa. Analigwira ndi manja awiri, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Sukulu sanapiteko, ndipo pakhadipo ankangoona timizere ta buluu.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa, "apa mwalemba chiyani?"

"Dzina lanu, akulu. Ndalitchula kale."

"Anthu amasokosera, sindinamve bwino. Werenganinso. Pa chimkuzamawupo."

A Bonaventure anawayang'ana, nthabwala imene inali pamlomo n'kuimeza. Anakweza dzanja mpaka bwalo linakhala chete. Kenako anawerenga pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha.

"Woyamba pa luso la manja: a Fanwell Nkhuwa, mmisiri wa malata, a ku Pembamoyo."

A Fanwell anaima chilili, milomo ikutsatira mawuwo. Misozi inatsika, ndipo sanathe kuipukuta chifukwa manja anali m'malata. Anangoisiya ikudontha pachifuwa, anthu onse akuona.