Tsiku Limene Tinaika Tadala ku South Bend

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Amayi a kumpingo anali atagona pabalaza ponse m'nyumba ya achemwali anga ku Lawrence, ena atafunda majekete pamwamba pa zitenje. Nyimbo za pasiwa zinali zitazilala mawu atawathera. Azibambo sakanachezera panja ngati kwathu, chifukwa unali mwezi wa February, nthawi ya chisanu choopsa kudziko la eni kuno. Anagona m'mipando m'chipinda chapansi.

Tinkaika Tadala, mwana yekhayo wa achemwali angawo. Anali ndi zaka 24. Ankaimba chelo, vayolini wamkulu uja amene woimba amakhala pampando n'kumutsamiritsa pachifuwa. Anayamba ali kupulaimale ku South Bend, ndipo asanamalize sekondale anapambana mpikisano wa oimba achinyamata. Mphoto yake inali malo kusukulu ya nyimbo, komanso chelo chakale chopangidwa ku Italy chimene bungwe lina linamubwereka kuti aziimbira. Kuchokera pamenepo tinkamuona mwa apo ndi apo. Mphoto zina zinabwera, maulendo n'kuchuluka. Anamwalira m'hotela mumzinda wina, atamaliza konsati. Madokotala anati magazi anaundana m'mapapo. Amene anamupeza ndi wantchito wokonza m'zipinda.

M'galaja munali mutayaka kale mbaula za gasi. Tinkaphika mpunga, nyemba ndi nkhuku zimene tinagula kumashopu a ku Lafayette Square dzulo lake. Chitseko tinachitsegula pang'ono kuti nthunzi izituluka, ndipo mphepo inkatiluma m'miyendo. Anthu anayamba kufika kukuyera. Ena anachokera kushifiti ya usiku, yunifolomu ikuonekera pansi pa chitenje. Ana obadwira kuno ankanyamula mapoto kupititsa m'magalimoto. Ukawatuma m'Chichewa ankamva, n'kuyankha m'Chingerezi.

Titatsala pang'ono kunyamuka, achemwali anatuluka kuchipinda atanyamula chelo chija m'chikesi chake choyera. Anati chikwere nawo. Mayi wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndiziwayang'anira, mwina akufuna kukachiika m'manda. Ndinawafunsa achemwali tili m'galimoto, iwo n'kumangoyang'ana pawindo. Chelo chinakhala pampando wakumbuyo atachimanga lamba.

Tinasankha South Bend chifukwa bambo ake a Tadala anagona kumeneko. Tinayenda pamndandanda, magalimoto onse atayatsa nyale, galimoto ya bokosi ili patsogolo. Uku ndi uku inali minda ya chimanga yopanda kanthu, itakutidwa ndi chipale chofewa. Ndinkadiraiva ndine. Achemwali anagona njira yonse, kapena anangotsinzina.

M'tchalitchi tinapezamo anthu amene ambiri a ife sitinkawadziwa. Anali oimba anzake, ovala zakuda, ambiri achinyamata ngati iyeyo. Kutsogolo kunali aphunzitsi ake oyamba, mayi wachikulire woyendera ndodo, ndipo pambali pawo panali bambo wina wa taye wochokera kubungwe lija. Mkulu wa mpingo amene ankawerenga mbiri ya malemu anapunthwa pa mayina a mphoto ndi a mizinda, mpaka mtsikana wina mwa oimba aja anaimirira n'kumuthandiza. Apo m'pamene ena anamva kuti Tadala ankayenera kujambula chimbale chake choyamba chaka chomwecho. Anzakewo anaimba ndi zoimbira zawo, kenako amayi a kumpingo anatenga nyimbo yotulukira nayo bokosi.

Kumanda dzenje linali litakumbidwa kale ndi makina, m'mphepete atayalamo kapeti wobiriwira. Achemwali anandiuza kuti nditsitse chelo. Ndili nacho m'manja, bambo wa taye uja anabwera n'kundipempha mwaulemu kuti ndichibwezere m'galimoto, chifukwa thabwa lake limang'aluka likazizidwa. Ndinayang'ana achemwali, iwo n'kupukusa mutu. Ndinaima nacho chomwecho mpaka bokosi linatsika ndipo nkhata zinaikidwa.

Abusa atatseka ndi pemphero, achemwali anandilanda chelo chija. Anayenda nacho kulunjika kudzenje. Nyimbo imene amayi anali atayamba inaduka. Azibambo awiri anasendera pafupi. Koma achemwali anazungulira dzenjelo, n'kukaima pamaso pa aphunzitsi aja, n'kuwapatsa chikesicho.

Aphunzitsiwo anakana. Anati palibe amene akufulumira, chikhoza kukhala kunyumba miyezi ingapo. Achemwali anayankha kuti Tadala ankanena kuti chelo chikakhala osaimbidwa chimataya mawu. Kenako anafunsa kuti chipita kwa ndani. Bambo wa taye anati mwina kwa mtsikana wina amene wangopambana kumene, wa kusekondale.

"Ali ndi amayi ake?" anafunsa achemwali.

Bamboyo anavomera ndi mutu.

"Mukawauze aziyenda naye. Shifiti azisinthana ndi anzawo, koma mwanayo asamagone yekha m'mahotela."

Achemwali anatembenuka n'kupita kugalimoto. Bambo uja anavula chikhothi chake n'kukulunga chikesicho.

Tinadyera m'holo ya tchalitchi. Oimba aja anadya mpunga ndi nyemba ataimirira, ena n'kumayang'ana nthawi chifukwa anali ndi ndege zoti akwere. Mnyamata wina anandipepesa kuti sangakhalitse, mawa lake anali ndi mpikisano. Ndinamuuza kuti apite, ndipo ndinamulongedzera nkhuku m'kontena.

Tinafika ku Lawrence dzuwa litalowa. Anthu anatsuka mapoto, anapinda mipando yobwereka, n'kubalalika, chifukwa ambiri m'mawa mwake anali ndi ntchito. Tinatsala awiri kukhitchini. Ndinawathirira tiyi achemwali, ndipo anandiuza kuti ndiike pa foni nyimbo ina imene Tadala anaimba pa konsati. Anamvetsera atagwira kapu ndi manja onse awiri. Nyimbo ili pakati anati ndizimitse.

"Nyimbo zakezi sindinkazimva, iwe," anatero. "Ndinkangodikira anthu aombe m'manja kuti nanenso ndiombe."

Anamwa tiyi wawo mpaka kutha, anatsuka kapu okha, n'kukwera kuchipinda. Ine ndinakhoma zitseko n'kuzimitsa magetsi a pabalaza.