Khungwa la Muwawani

Kasemasema ka amalume kanali ndi mpini waufupi, wakuda ndi thukuta, ndipo kankakhala kutsindwi komwe ife ana sitinkafikira. Sankasemera mipini kapena mipando ayi. Ntchito yake inali imodzi basi, kusenda makungwa a mankhwala.

Dzinja limenelo tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mponela. Ine ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, mng'ono wanga zinayi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankalima munda woyandikana ndi wathu, koma anthu ankawadziwira mitengo. Wa m'mimba, wa dzino, wa chifuwa, onse ankathera pakhonde pawo.

Mng'ono wanga atayamba kutentha thupi ndi kusanza, amalume ananditenga kukwera kaphiri ka kuseri kwa zigafa, mashedi oyanikamo fodya aja. Pamwamba pake panali mtengo wa muwawani umodzi wokha. Anasenda kachigamba mbali ya kum'mawa, kena kumadzulo, kenako anakanda dothi ndi malovu n'kumata pamabalapo.

"Kum'mawa pang'ono, kumadzulo pang'ono, kwatha," anatero. "Bala la mtengo likapola, wodwalanso apola. Ukauvula wonse kuzungulira, wapha awiri."

Lero ndikudziwa kuti lamulolo linali loteteza mtengo. Aphunzitsi anadzatiuza zomwezo m'kalasi, kuti chakudya cha mtengo chimayenda m'khungwa, ndiye ukaudula mozungulira umafa ndi njala. Amalume anangowonjezapo mantha kuti anthu amve. Koma ine, mwana, ndinamva ndendende monga ananenera. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkathamangira kuphiri kukamata dothi latsopano pomwe mvula yakokolola. Ndinkaona ngati ndine dokotala wamkulu, ine wamamina m'mphuno.

Mankhwalawo anali ofiirira, owawa koopsa. Ndinalawako kamodzi, lilime linachita kukwinyika mpaka madzulo. Amayi ankamugwira mwanayo mphuno, iye n'kumeza akulira.

Tsiku lachitatu amalume anamutsegula chikope, n'kumuyang'ana m'manja. Munali mwayera mbee.

"Mlongo, izi zandipitirira. Uyu ndi wa kuchipatala."

"Mungosendako kena, achimwene, mwina mlingo unachepa."

"Ayi. Ndingakhale ndikukupusitsani."

Anabweza kasemasema kutsindwi. Pa zonse zimene amalume anachita pamoyo wawo, ichi ndimawalemekeza nacho. Koma mvula inali itagwa masiku awiri osakata, ndipo mtsinje wa pakati pa ife ndi msewu unali utakokolola mlatho wa mitengo. Abambo anapita kukaona kawiri, n'kubwerako atanyowa mpaka m'chifuwa. Tinadikira.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndinakwera phiri ndi dothi langa m'manja. Mayo ine! Mtengo unali mbulanda. Khungwa lonse linali litachoka kuzungulira, kuyambira m'mawondo mwanga mpaka pomwe dzanja la munthu wamkulu lingafike. Sanasende ndi kasemasema. Anachita kupala ndi mpeni wobuntha, kwinako kung'amba ndi manja. Thunthu linali loyera, lonyowa, nyerere zili yakaliyakali. Ndinayesa kumata, koma dothi la m'manja awiri lingakwane pati? Ndinatukwana matenanti onse a pa esiteti, mmodzimmodzi, ndi mawu amene sindinkadziwa n'komwe kuti ndimawadziwa.

Kunyumba ndinapeza fungo lowawa lili tho, mankhwala akuwira mumphika waukulu wophikira nyemba. Sindinafunse. Ndinkaganiza kuti ndi otsala aja.

Madzi anaphwera mawa lake. Abambo anakweza amayi panjinga, mwana ali kumsana. Mwanayo anamwalira asanafike pamsewu wa tala. Anali malungo, ndipo magazi anali atamuthera. Khungwa, lochepa kapena lochuluka, silikanasintha kanthu.

Fodya sadikira maliro. Patangotha sabata tinali m'chigafa, amayi ndi ine, tikusoka masamba. Pamenepo ndi pomwe ndinawauza, ndili ndi mtima wonse, poganiza kuti ndikuwatonthoza powapezera wolakwa.

"Amayi, ine ndikudziwa chimene chinapha mwana. Wina anavula mtengo wake wonse. Amene anachita zimenezo ndi mfiti, ndipo Mulungu amulange."

Singano inaima. Sanandiyang'ane. Kenako anati, "Sendeza masambawo kuno," ndipo tinapitiriza kusoka.

Ndikukumbuka manja awo tsiku limenelo. Zikhadabo ziwiri zinali zothyoka mpaka m'mnofu, ndipo m'mphepete mwa zinazo munali mofiirira. Ndinadabwa pang'ono, chifukwa utomoni wa fodya umadetsa manja bii, sufiiritsa. Ndinawafunsa ngati zikuwawa. Anati ayi.