Asilikali Anga M'magazi a Mwana Wanga

Linali Lachiwiri, nthawi ya 10 koloko m'mawa, pamene anesi anabaya mwana wanga kachidendene. Mwanayo anali atangoyamba kukwawa, ndipo ankatsegula m'mimba. Ndinaberekera kwathu, kuseri kwa mapiri a Mafinga, choncho kuno ku Nthalire sankatidziwa. Anesi anandifunsa ngati ndinayezetsapo magazi. Chitseko chinali chotsegula, pabenchi panja patakhala azimayi a m'mudzi mwa amuna anga. Ndinangoyang'ana pansi.

Dontho linagwera pa kapepala kakang'ono kopyapyala. Ndinalionerera likukwera pang'onopang'ono, monga madzi amakwerera m'chitenje powoloka mtsinje. Maganizo anga anapita nalo. Ndinaona nkhungu ya kwathu, ng'ombe zikutulukamo imodziimodzi, mitu yokha. Nditabwerera, mizere inali iwiri. Mizere imeneyo ndinkaidziwa. Ndiyo inanditulukira ine ndili ndi pakati.

Anesiwo anali a kumwera, onenepa, Chitumbuka chawo cha moni basi. Anatseka chitseko ndi phazi.

"Mama, mumamwa mankhwala?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye mukanangonena, inu! Pakamwapo munabwereka kwa ndani?" Anaseka pang'ono. "Musanjenjemere. Kapepalaka sikaona kachilombo ayi. Kamaona asilikali amene thupi limapanga polimbana nako. Anuwo analowa mwa mwanayu, ndipo akadalimo. Kapepala sikadziwa kuti awa ndi a mayi, awa ndi a mwana. Kakungoonetsa inu, mwana ali kumbuyo kwanu sakuoneka."

Anadonthezanso magazi ena pa khadi. Anati likauma lipita pa njinga yamoto, kumene kuli makina osayang'ana asilikali anga, ofuna kachilombo kenikeniko mwa mwana yekha.

Ndinali ndi funso limodzi. Ndinabereka mwana n'kutuluka osalifunsa.

Panjira mwana anagona. Ndinkayenda ngati ndikulota, ndikuganiza za asilikaliwo. Ndinkawaona ang'onoang'ono, onse a nkhope yanga, amanyazi ngati ine, ataima m'mitsempha ya mwana wanga osadziwa kuti kwawo si kumeneko. Ankamulondera, komabe ankamutchinga. Ndinkafuna kuwauza kuti asunthe pang'ono, ndimuone.

Ndiye ndinadzifunsa kuti amalowera kuti. Yankho linabwera lokha: m'mkaka. Ndipo ngati asilikali amadutsa pamenepo, mdani wawo sangadutse?

Tsiku lonselo sindinamuyamwitse. Ndinamanga mabere ndi mpango. Ndinamupatsa phala la mawere, analavula. Ndinamupatsa madzi ndi supuni. Analira mpaka mawu anasasa, akukanda bulauzi yanga ndi tizala take. Apongozi anaima pakhomo.

"Mwanayo wakulakwira chiyani?"

"Bere likuwawa, amama."

Linkawawadi. Mkaka unkatuluka wokha, kunyowetsa mpango.

Yankho la khadi lija linadzabwera mvula itayamba, ndipo linali labwino. Koma tsiku limenelo sindilikumbukira bwino. Ndimakumbukira m'mawa wotsatira Lachiwiri lija.

Ndinadzuka mame asanaume, ndinabereka mwana, liwombo lake litalowa pang'ono. Ndinafika anesi akutsegula kumene, pabenchi pali kale azimayi a m'mudzi mwa amuna anga. Sindinadikire kuti chitseko chitsekedwe.

"Anesi, kodi ndiziyamwitsabe?"

Mawu anga anamveka akulu, ngati a munthu wina. Anesi anayang'ana mpango wonyowawo, anayang'ana milomo youma ya mwana.

"Mayo ine! Kuyambira dzulo? Asilikaliwo analowa ali m'mimba, mama, osati kubere. Inu musadumphitse mankhwala anu, amenewo ndiwo akumuteteza. Masulani msanga, mwana wa eni angatiumire pano."

Ndinakhala pabenchi pomwepo, pakati pa azimayi aja, n'kumasula mpango. Mwana anagwira bere ndi manja onse awiri. Ankayamwa, n'kusiya kuti alire pang'ono, n'kuyamwanso.