Mtsuko wa Mikayeli Unakwera Phiri

Ku Debark alipo anthu mpaka lero amene amati Yirdaw analodzedwa ndi phiri. Onena zimenezi ndi omwe aja ankamuthirira kachasu wa arake m'tambula mpaka ulusi osalowanso pasingano. Anali telala waluso, koma zaka khumi ndi chimodzi za mowa zinamudya, mpaka tsiku lina anadula molakwika diresi la ukwati la mwana wa mlongo wake. Mkwatibwi analowa m'tchalitchi ndi chovala chobwereka. Sabata yomweyo Yirdaw anagulitsa makina ake osokera n'kugula nyulu.

Kuyambira pamenepo ankanyamula katundu wa alendo okwera mapiri a Simien. Alendo akasowa ankapitabe yekha, balere wokazinga ali m'thumba. Ankati pamwamba paja chilakolako cha mowa chimafika mochedwa, ndipo chimafika chitatopa. Anadziwa akasupe onse, njira za anyani a zifuwa zofiira, ndi malo amene mphepo imakugwetsa ukaimirira monyada. Kumeneko ankagona tulo ngati khanda.

Vuto linali gulu la Mikayeli Woyera, amuna khumi ndi awiri, mmene analowa pampando wa malemu bambo ake. Mwezi uliwonse mmodzi amafulula tela, mowa wa balere, wansembe n'kudalitsa mtsuko wa gulu, onse n'kumwa za mumtsuko womwewo. Ubale wake ndi umenewo. Ukadwala amakulimira, ukafa amakunyamula. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Yirdaw ankaonetsetsa kuti tsikulo limupeze kuphiri. Ikafika nthawi yake, mkazi wake Yeshihareg ankafulula n'kulandira alendo, mwininyumba kulibe.

"Tamvera, mlamu wa anyani," anatero Wubshet, mnzake wa paubwana, atamutsekereza pamsika. "Tatopa kumwa ndi mpando wopanda munthu. Mwezi uno mtsuko uli kwako. Ukapanda kumwa nafe, tikuchotsa. Adzakunyamule alamu akowo."

"Ukundidziwa, Wubshet. Ine zolawa sindizitha. Ndikangonyowetsa milomo Lolemba, Lachisanu mundipeza m'ngalande."

"Dontho limodzi, munthu wamkulu ngati iwe?"

"Dontho limodzilo ndi limene linadula diresi."

Kunyumba nako sikunali kofewa. "Bambo a Tiruye, mukamwa ine ndikubwerera kwathu," anatero Yeshihareg akukazinga khofi. "Akakuchotsaninso, maliro anu ndidzanyamula ndi ndani? Muone nokha."

Yirdaw anapita kwa wansembe wa gululo, Aba Gebremedhin, kukafunsa chimene lamulo limanena kwenikweni. Nkhalambayo inaganiza nthawi yaitali.

"Limati mtsuko umodzi, ndipo mwini tsiku ndiye aitana. Za tela anawonjezera ndi makosi awo."

Choncho Yirdaw anawaitanira ku kasupe wina pamwamba pa chigwa, ulendo wa maola anayi wapansi.

Anabwera anayi. Asanu ndi awiri anatsala, ndipo zifukwa zawo zisaiwalike. Mphunzitsi amene amaimbitsa ana nyimbo zotamanda mapiriwo anati mawondo. Wogulitsa nsapato zokwerera mapiri anati alibe nsapato. Ena sanavutike n'komwe kupeka bodza.

Wansembe anakwera nyulu, mtsuko uli pamiyendo. Wubshet ankabwera pambuyo, wefuwefu, akutukwana mwala uliwonse.

"Ndikafera kuno, ukauze ana anga kuti anandipha telala!"

"Pumira m'mphuno, mimba iwe. Tatsala pang'ono."

"Unanena zomwezo ola lapitalo."

Pakasupe Yirdaw anatsuka mtsuko katatu kuti fungo la tela lichoke, n'kuudzaza madzi ozizira kwambiri a pakasupepo. Aba Gebremedhin anadalitsa. Yirdaw anamwa za mumtsuko wa gulu, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Wubshet anamwa n'kugwira tsaya.

"Mano anga! Watikwezera phiri lonseli chifukwa cha zimenezi?"

Koma anapempha ena. Anadya buledi wa injera ndi mphodza atakhala pamphepete pa phompho, mapazi ali lende. Wubshet anabadwira patsinde pa phiri limeneli, anakhalapo zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, koma anali asanaonepo kwawo ali pamwamba.

"Denga langa ndi kanthu kaja?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi komweko."

"Ndiye mmene ndimalinyadira."

Panatsala chimodzi. Pomaliza, wolandira gulu mwezi wotsatira amatenga mtsuko m'manja mwa mwini tsiku. Akakana, ndiye kuti tsikulo silinachitike. Wotsatira anali Wubshet. Yirdaw anatambasula manja, mtsuko ukudontha madzi, n'kudikira.

Wubshet anauyang'ana, n'kuyang'ana mnzakeyo. Kenako anavula nsalu yake yofunda, anaukulunga bwinobwino, n'kuufungatira.

"Kwanga kukhala tela, usadzinamize. Koma ubwere ndi madzi akowa. Tidzayamba ndi iwowo, umwe nafe, kenako ife tithire zathu. Ndipo botolo lake unyamule wekha."

Zakhala choncho zaka zinayi tsopano. Awiri mwa otsala aja sam'patsabe moni Yirdaw, ndipo mphunzitsi uja amati madziwo amasukulutsa mdalitso. Yirdaw sawayankha. Amamwa, amakhala nawo mpaka mawu ayambe kukwera, kenako amatuluka kukamasula nyulu yake.